Njerwa Zokana Kugawika

Panali anthu awiri apachibale amene anaumba njerwa pamodzi chilimwe chonse. Uvuni utazizira anauphwasula, nataya zosweka, nawerenga zamphumphu. Zinakwana 7,919.

Mvula inali pafupi, ndipo aliyense ankafuna kugona m'nyumba yosadontha. Anayamba kugawana: iyi yanga, iyi yako. Pamapeto inatsala imodzi.

"Imeneyo ndi yanga, ndine wamkulu."

"Achimwene, dothi ndinkaponda ndine. Inu munkaponda mthunzi."

Kuiswa pakati onse anakana, pakuti woumba saswa njerwa yamphumphu. Anaitana mlongo wawo kuti mwina pogawana atatu zitha bwino. Zinatsala ziwiri. Anaitana amalume, zinatsala zitatu. Msuweni anabwera yekha osaitanidwa, zinatsala zinayi. Kugawa kulikonse kunkadya masiku awiri, mitambo ikusonkhana kumapiri.

Anthuwa sankadziwa kuti nambala zili ndi mitima. Zina n'zofewa, mukazigawa pawiri kapena patatu zimavomera. Zina n'zouma mutu, sizigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula imodzi ndi izo zomwe. Yawoyi inali ya mtundu umenewo. Akanaitana mudzi wonse sikanagonja.

Tsiku lina masana, wamng'ono uja anatsamira muluwo nawodzera. Analota njerwa zikunyamuka mwakachetechete ngati akakowa, zofiira, zopepuka, zikuuluka pamwamba pa dambo. Zinandanda ziwiriziwiri, kenako zitatuzitatu, kenako zisanuzisanu. Nthawi zonse mzere wotsiriza unali ndi mpata umodzi, ndipo pampatapo pankaoneka thambo.

Anadzuka nati, "Abale, sizikutsala ayi. Ikuperewera imodzi."

Anapita kwawo, nachotsa njerwa imene ankatsekerezera chitseko, naiika pamulu. Zinakwana 7,920. Nambala imeneyi ndi yofatsa ngati mkamwini watsopano: imalola pawiri, patatu, panayi, pasanu, mpaka pakhumi ndi pawiri. M'menemu imakana pokhapokha ogawana akakhala asanu ndi awiri.

Koma pabwalo panali patakhala anthu asanu, ndipo amene wafika pa phwando simumubweza ali ndi mbale m'manja. Aliyense ananyamula 1,584. Amalume anamangira khola la nkhumba. Abale awiri aja anamanga timakhitchini, ndipo mvula yoyamba inawapeza atagona mmenemo, miyendo ili pakhomo.

Tsono inu amene mukundimvera, ine ndakalambira pamsika, ndaona anthu akutaya thumba lathunthu polimbirana kambewu kamodzi. Mukaona chinthu chikukana kugawika, musathamangire kuitana anthu, pakuti woweruza aliyense amabwera ndi dengu lake. Yang'anani kaye ngati chimene mukuchitcha chotsala si mpata wofuna kudzazidwa. Ikanipo basela yanu msanga, mukadali awiri.