Thukuta la Shamal

Pakhola la Toktosun, kumtunda kwa chigwa cha At-Bashy, ntchito inkayamba ndi kulira kwa zidebe ndi fungo la balere wonyika. Munali akavalo asanu ndi anayi. Asanu ndi atatu anali a eni ake, anthu amene anamva mbiri n'kubweretsa ziweto zawo kuti aziphunzitse liwiro. Wotsalayo, wofiirira wa chipumi choyera, anali wakewake, dzina lake Shamal. Mayi wa Shamal anafa pobereka, ndipo Toktosun anamulera ndi mkaka wa m'botolo pafupi ndi mbaula ya mkazi wake Burul, mpaka Burulyo anayamba kudandaula kuti m'nyumba mwalowa mkazi wachiwiri wa miyendo inayi. Chaka cha nkhani ino Shamal anali atathamanga mipikisano itatu, ndipo yonse anafika yekha kumapeto, anzake akudya fumbi.

Tikamati Toktosun ankadziwa kavalo, sitikunena za maso ayi. Kwathu kuno kavalo wa mtunda wautali amakonzedwa ndi thukuta. Umamufunditsa chofunda chaubweya, n'kumuthamangitsa mpaka anyowe, kenako umapala thukutalo ndi chala pakhosi pake n'kulawa. Likakhala lolemera, lowawa ngati ndulu, ndiye kuti mafuta akadali m'kati, ndipo kavalo wotero ukamuika pa mpikisano wautali amapsa m'chifuwa. Likayera ngati madzi a pakasupe, kamchere kakumveka patalipatali, wakonzeka. Toktosun anaphunzira izi kwa malemu bambo ake, ndipo lilime lake linali lisanamunamizepo.

Tsoka linabwera ndi foni. Tsiku lina akukonza Shamal, munthu wina wodutsa anamujambula akunyambita chala, n'kuikapo mawu a galu akukhathira madzi. Sabata isanathe kanemayo anali m'thumba la aliyense. Pamsika wa ziweto anthu sanamusunge.

“Achimwene Toktosun! Tabwerani mudzandilawire ng'ombe iyi, mundiuze ngati ili ndi bere!”

“Iwe, usawaitane asanadye. Akuthera ng'ombe yonse.”

Toktosun ankaseka nawo, koma kunali kuseka kwa pamano. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, amene mameya ndi eni masitolo ankamuvulira chipewa, anayamba kulowa mumsika cham'mbali.

M'masiku omwewo mwana wake Meerim, yemwe ankagwira ntchito mumzinda waukulu wa Bishkek, anapeza banja. Mnyamatayo anali mwana wa Mederbek, dokotala wa mano. Meerim anaimba foni.

“Bambo, asewere anu akubwera Lachitatu. Akuti akhala mpaka Lamlungu, aonere nawo mpikisano.” Kenako anaonjeza kuti, “Kanema uja anamuona.”

Toktosun sanafunse kuti anati chiyani atamuona. Funsolo linali laulere, koma linamulemera pakamwa. Anangoti afike bwino, n'kudula foni.

Mpikisano wa Lamlunguwo unali wa pa chikondwerero cha munthu wina wachuma wa m'chigwamo, mtunda wake makilomita makumi awiri ndi asanu. Shamal anali atatsika mochedwa kumapiri kumene akavalo amadya msipu wa chilimwe, chifukwa mtsinje unadzaza n'kutseka njira kwa masabata awiri. Anatsika atanona, ubweya uli neng'aneng'a, wokongola kuti munthu ungagulitse nyumba. Koma masabata awiri aja anali ataba nthawi yomukonza, ndipo Lachinayi ndilo linali tsiku la thukuta lomaliza. Likadutsa tsiku limenelo kavalo sathamangitsidwanso, amangoyendetsedwa pang'onopang'ono kudikira mpikisano.

Alendo anafika, nkhosa inaphedwa, mutu wake unaikidwa pamaso pa Mederbek. Anali munthu wachete, wa magalasi, wa manja oyera ofewa. Toktosun ankangoyang'ana manjawo, kenako n'kubisa ake pansi pa tebulo.

M'mawa wa Lachinayi, Mederbek ndi mkazi wake Damira anatuluka kudzaima pampanda wa khola atavala nsapato za m'tauni. Nurgazy, wokwera wa Shamal, bambo wa ana awiri koma wa thupi ngati dzombe, anabwera naye kavaloyo kuchokera kothamanga, nthunzi ikufuka. Anavundukula chofunda. Toktosun anapala thukuta pakhosi monga mwa masiku onse, chala chinanyamuka chokha kulowera kukamwa, ndipo ali pakati pa ulendowo anaona Damira atakweza foni, akugunda mwamuna wake ndi chigongono, onse awiri akumwetulira.

Chalacho chinabwerera. Anachipukutira pa buluku.

“Wakonzeka,” anatero mokweza. “Lamlungu mudzaona nokha, asewere. Anzakewo adzangoona mchira.”

“Basi?” anafunsa Mederbek. “Mwangomuyang'ana?”

“Ife timaona ndi maso, asewere. Zinazo ndi nthabwala za m'mafoni.”

Damira anatsitsa foni. Nurgazy anayang'ana bwana wake, n'kuyang'ana kavalo amene nthiti zake zinali zikukwerabe ndi kutsika, koma anameza mawu ake chifukwa panali alendo.

Burul ndiye sankameza mawu. Anamupeza kuseri kwa nyumba akusamba m'manja.

“Bambo a Meerim, simunalawe.”

“Ndaona.”

“Mwaona? Zaka makumi atatu ndakhala ndikuphikira lilime limenelo, lero lapuma pantchito osandiuza? Pitani. Chofunda chikadali chonyowa.”

Toktosun anamukalipira kuti asamale za mphika, koma masana, alendo akumwa tiyi, anazemba n'kulowa m'khola ngati wakuba. Anafinya ngodya ya chofunda chija padzanja lake, anayang'ana kukhomo, n'kulawa. Thukutalo linali lowawa. Analavula, n'kulawanso pangodya ina, kufuna kuti lilime lisinthe mawu. Linali lowawabe, lolemera, lomata pakamwa.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanabwerera. Mipikisano siitha, chaka chamawa chikondwerero china chikanabwera. Koma kuti amuchotse Shamal anayenera kulowa m'nyumba muja, kuima pamaso pa dokotala wa mano, n'kunena kuti zija ndinanena m'mawa zinali zabodza, ndipo ndadziwa chifukwa ndanyambita chofunda cha kavalo. Anayesa kuwasanja mawuwo m'mutu mwake, ndipo ulendo uliwonse ankamva galu wa m'kanema uja akukhathira madzi. Anachita manyazi, manyazi enieni. Anapachika chofunda n'kubwerera kukamwa tiyi.

Burul anamuyang'ana nkhope kamodzi kokha n'kudziwa.

“Muchotseni,” anamunong'oneza akumupatsira mkate.

“Ndalankhula kale pagulu.”

“Gulu lake anthu awiri?”

Lamlungu, akumanga chishalo, Toktosun anakokera Nurgazy pambali.

“Umugwire. Usamulole kutsogolera mpaka mudutse mlatho. Akafika wachitatu kapena wachinayi palibe mlandu.”

“Achimwene, Shamal kumugwira? Bwanji osangondiuza kuti ndigwire mtsinje?” Nurgazy anatsitsa mawu. “Linali lotani thukuta lija?”

“Kwera, nthawi yatha.”

Akavalo makumi anayi anaperekezedwa kutali koyambira, ndipo anthu anatsala pachitunda akudya nyama ndi kumwa mkaka wa kavalo wosasa. Toktosun anakhazikidwa pamalo a ulemu, pambali pa asewere ake. Chilichonse chimene anaika m'kamwa chinkamveka ngati chofunda chija. Patapita nthawi fumbi linaoneka kumunsi kwa chigwa, ndipo munthu wa makina oonera patali anafuula kuti wa chipumi choyera ali patsogolo, wasiya anzake patali. Anthu anayamba kumenya Toktosun pamapewa. Iye mtima unagwa, chifukwa ankadziwa kuti mlatho ukadali kutsogolo.

Shamal sankadziwa kukhala wachitatu. Anakoka zingwe mpaka zikhato za Nurgazy zinasupuka, anadutsa mlatho ali yekha, n'kulowa m'chikweza chomaliza. Pamenepo ndi pamene anthu anaona mutu wake ukuyamba kugwedera. Kavalo wakuda anamupitirira, kenako wina, kenako atatu pamodzi. Nurgazy anadumpha pansi kuti amupepukire, koma Shamal, poona anzake akupita, anayesabe kuwatsata wopanda womukwera. Anayenda pang'ono, miyendo yakutsogolo inapinda, n'kugwa cham'mbali anthu onse akuona.

Toktosun anathamanga, chipewa chinagwa osachitola. Anapeza kavalo wake ali ndi thovu loyera thupi lonse ngati wapakidwa sopo, magazi akutuluka m'mphuno, mpweya ukulira m'chifuwa. Anamuthira madzi, anamuitana dzina, anamukanda kuseri kwa khutu monga ankachitira ali kamwana. Shamal anatembenuza diso kumuyang'ana, koma sanathe kudzutsa mutu.

Akuluakulu anafika n'kuzungulira. Mmodzi wa ndevu zoyera anagwada, anapala thovulo ndi chala, analawa pamaso pa anthu onse, n'kulavula. Anamuyang'ana Toktosun nthawi yaitali.

“Kavalo uyu sanali wothamangitsa, mwana wa m'bale wanga. Bambo ako akanakumenya ndi chingwe.” Anasolola mpeni m'chiuno n'kumupatsira. “Wapsa, sadzukanso. Usamusiye afe yekha ngati galu. Ndi wako, chita wekha.”

Anachita yekha. Anatchula dzina la Mulungu, ndipo dzanja lomwe linkagwira botolo la mkaka ndilo linagwira mpeni.

Atadzuka anapeza Mederbek ataima kumbuyo kwake, nsapato za m'tauni zili fumbi lokhalokha, magalasi ali m'manja. Toktosun analakalaka nthaka itang'ambika.

“Asewere,” anatero Mederbek motsitsa, “pali chimene chakhala chikundivuta kuyambira Lachinayi. Bwanji simunalawe?”

Toktosun anabweza mpeni kwa mwini wake, ndipo Mederbek anapitiriza.

“Ine ndinabadwira kumapiri a ku Alai. Bambo anga ankakonza akavalo ngati inuyo. Ndili mwana ndinkawaona akulawa thukuta, ndipo chimwalirireni sindinaonenso munthu akuchita zimenezo. Titaona kanema uja ndinazimitsa mawu a galuwo n'kuuonera kasanu. Ndinauza mayi a kunyumbawa kuti mwana wathu akukwatira kwa anthu enieni. Ndi chifukwa chake tinapempha kubwera Lachitatu. Mayiwa amafuna ajambule kuti adzukulu athu adzaone.”

Damira anali chapatali, akulira m'mpango. Toktosun anayang'ana manja ake ofiira. Akanakonda munthuyo akanamutukwana, chifukwa kutukwanidwa kuli ndi poyankhira.

“Ndinalawa, asewere,” anatero potsiriza. “Masana ake, kumbali, muli m'nyumba. Linali lowawa. Ndinadziwa.”

Anawanena pagulu mawu amene anamukanika pamaso pa anthu awiri, ndipo akuluakulu aja anamva, Nurgazy anamva, eni akavalo amene anali pomwepo anamvanso. Palibe anaseka tsiku limenelo, ngakhale aja a pamsika.

Ukwati wa Meerim unachitika monga anapangana, Mederbek sanasinthe mawu ake. Koma eni akavalo anabwera mmodzimmodzi ndi magalimoto awo. Aliyense anali ndi chifukwa chaulemu: uyu udzu wa kwawo wachuluka, uyu mwana wake akufuna kuphunzira kukwera. Toktosun ankawathandiza kukweza ziwetozo, osatsutsa, chifukwa iyenso sakanasiya kavalo wake kwa munthu amene analawa zowawa n'kunena kuti zakoma. Pofika chisanu m'khola munatsala akavalo awiri, ndipo Nurgazy anapita kukakwera a anthu ena ku Kochkor.

Mutu wa kavalo wa liwiro sutayidwa pansi kuti agalu aukoke. Toktosun anauyeretsa, anaukulunga m'nsalu yoyera, n'kukwera nawo phiri la kuseri kwa mudzi kuti akauike pamwala wautali, poyang'ana chigwa. Burul anamuperekeza mpaka pachipata.  Anangomukonzera kolala ya jekete n'kumuuza kuti abwere mphepo isanayambe.

Anakwera yekha, akupumira m'njira, katunduyo atamukumbatira pachifuwa. Anthu amene anamuona kuchokera m'mudzi amati anakhala pamwalapo mpaka dzuwa linapendeka, chipewa chili m'manja. Kavalo uja sunamuphe mtunda, ndipo sanamuphe kanema wa m'foni. Anamupha mwini wake amene ankamukonda kuposa aliyense, pofuna kuti alendo awiri asamuseke, alendo amene sanabwere kudzaseka n'komwe. Akuluakulu sananame pamene anati manyazi adapha Lambe.