Maluwa a Rozi a Che Imedi

Che Imedi, telala wa mumsika wa Limbe, anafika kwa Shehe Jafali itangotha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo lija, atakumbatira botolo lagalasi la maluwa a rozi. Maluwawo anali atazyolika onse.

Mkazi wake, Abiti Saizi, anali atatha milungu itatu kwa mayi ake ku Ntaja, chifukwa Che Imedi anamulalatira pamaso pa alendo. Ankhoswe anati abwera naye Lachisanu kuti adzanene yekha ngati banja lipitirire. Koma Che Imedi mawu oti pepani sankamutuluka wamba, choncho Lolemba anangothamangira kogula maluwa. Pofika Lachitatu mtima unali m'mwamba.

"Shehe, mundikhululukire pokusokonezani," anatero atapereka salamu. "Maluwa amene ndagulira mayi akunyumba akufa eni ake asanawaone. Kodi si chizindikiro chochokera kwa Allah kuti banja langa latha?"

Shehe, amene pa unyamata wawo ankasamalira dimba la maluwa ku Thyolo, ananunkhiza madziwo nakwinya mphuno.

"Zobisika amazidziwa ndi Allah yekha, Che Imedi. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti madziwa awola. Mumawasintha?"

"Ndimathira ena m'mawa uliwonse, Shehe."

"Pamwamba pa akalewo?"

"Eya."

Shehe anakhuthula madziwo natsuka botolo ndi sopo. Anathothola masamba onse amene anali omira, kenako anatenga lumo nadula kunsi kwa phesi lililonse mopendeketsa. Anafotokoza kuti podulidwa kale paja pamatsekeka, duwa n'kumafa ludzu lili m'madzi momwemo. Anati maluwa otere amafuna pamthunzi ndi madzi atsopano tsiku lililonse.

"Ndiye afika Lachisanu?" anafunsa Che Imedi.

"Allah akalola, afika."

"Nanga mayi aja akawaona, akhala?"

Shehe anapukuta manja. "Chichokereni, mwawatumizirako chiyani?"

"Chitenje, mafuta onunkhira ndi foni yatsopano."

"Nanga mawu amene munawanyoza nawo aja, mwakawabweza?"

Che Imedi anapukusa mutu.

"M'bale wanga, kumenekonso mukuthira madzi abwino pamwamba pa owola," anatero Shehe mofatsa. "Maluwawa asiyeni kuno, ndikusamalirani. Inu mawa mulawirire minibasi ya ku Ntaja, mukapepese pamaso pa apongozi anu. Mukapanda kutero, mayiwo adzapeza maluwa atatsitsimuka, koma mwamuna ali yemwe uja."