Womasulira Amene Anangogwedeza Mutu

Khitchini ya mwana wawo inali yaing'ono moti anthu awiri akalowamo, wina ankayenera kubweza mimba kuti mnzake adutse. Inali pansanjika yachitatu, m'dziko la eni, kumene mkulu wina ndi akazi awo anapita pandege kukacheza patatha zaka zisanu ndi chimodzi osamuona mwanayo.

Mkuluyu anagwira ntchito yomasulira m'khoti zaka makumi atatu. Zilankhulo zinayi zinkatuluka pakamwa pawo ngati madzi a pampopi, ndipo ngakhale atapuma pantchito anthu ankawatchabe a Womasulira. Koma chilankhulo cha kumeneko sichinali pa zinayizo. Ngakhale moni weniweniyu sankamumva.

Mpongozi wawo, amene anali namwino, anawakhazika pansi tsiku lofika lomwelo.

"Bambo, Mayi, pepani, ndilankhula ngati ndili kuntchito. Madzi muzimwa a m'botolo awa. Mukagula chakudya panja, muzichijambula pafoni n'kunditumizira musanadye. Kuno zinthu zina zimaoneka zakupsa pomwe zili zaziwisi. Makamaka inu Mayi, ndi impso zanuzi, mukangotsegula m'mimba ndiye kuti tili pamoto."

"Tamva, mwanangu," anatero mayiwo.

A Womasulira anaseka. "Ndiye kuti ndisanaike kanthu m'kamwa ndiziyamba ndalemba kalata yopempha chilolezo? Apongozi, ine ndinayamba kudya inu musanabadwe."

Sabata inatha. Anawo ankalawirira kuntchito, akuluakulu n'kutsala pawindo kuwerenga magalimoto. Chakudya chinalipo chambiri, koma chinali cha odwala: masamba owiritsa, mchere wongonunkhiza. Tsiku lina m'mawa mayiwo anakankhira mbale kumbali.

"Abambo, nkhuli yandigwira ine. Lilime langali lachita dzimbiri."

A Womasulira anamanga tayi, n'kutsika masitepe. Ankawakonda akazi awo, zimenezo pasakhale wotsutsa.

Pakona ya msewu panali sitolo ya nyama. Kuseri kwa galasi kunali masoseji onenepa, ofiirira, onunkhira utsi, ofanana ndi aja ankawadziwa kwawo, ongodula n'kuika pabuledi. Analoza, n'kuimika zala zinayi. Wogulitsa, bambo wa epuloni yoyera, anawakulungira papepala, koma sanawapatse msanga. Anayamba kulankhula, akuloza nyamayo, akutembenuza dzanja uku ndi uku, kenako anatambasula zala zonse khumi kawiri.

Kumbuyo kunali mzere wa anthu. A Womasulira ankaidziwa bwino nkhope ya munthu amene sakumva zimene zikunenedwa. Anaiona m'khoti zaka zonse zija: kukamwa yasa, maso akusakasaka wowathandiza. Nkhope imeneyo iwo sanafune kuivala. Anagwedeza mutu. Wogulitsa uja anabwereza, pang'onopang'ono tsopano. Anagwedezanso, akumwetulira ngati munthu amene akuuzidwa nthabwala yomwe anaimva kale.

Atafika kunyumba anadula soseji imodzi. M'kati munali mofewa, motuwira pang'ono. Mayiwo anaiyang'anitsitsa.

"Kodi zimenezi n'zakupsa? Tajambulani muwatumizire apongozi."

"Asiyeni, akusamala odwala enieni. Wogulitsayo wandifotokozera zonse."

"Wati chiyani?"

Mbaula yamagetsi inali pomwepo, mapazi awiri okha kuchokera patebulo. Foni inali m'thumba la malaya. Koma munthu amene anamasulirira oweruza milandu akanayambira pati kunena kuti sanamve?

"Wati n'zowamba kale. N'zongodya ndi buledi."

Mayiwo anawayang'ana amuna awo kanthawi, kenako anatenga buledi. Anadya onse awiri. Pepala lija a Womasulira analikwirira pansi penipeni pa bini, kuopa kuti mpongozi angawakalipire za mchere.

Mawa lake masana m'mimba munayamba kuwira. Bambowo anathamangira kuchimbudzi kanayi, n'kupepukidwa. Mayiwo ayi. Ankatsegula, kusanza, thupi likutentha ngati chitsulo cha padzuwa.

"Tisawavutitse anawa," anatero a Womasulira. "N'kusintha kwa mphepo chabe, zitha zokha."

Anawo atabwera madzulo anauzidwa kuti Mayi atopa, agona. Tsiku lachitatu mpongozi anabwerera msanga kuntchito n'kuwapeza atakhala pansi pakhomo la bafa, maso atalowa m'kati, milomo itang'ambika. Anawatsina khungu la padzanja, khungulo linangoima osabwerera.

"Mayi! Mwadya chiyani?"

"Zomwe mumatipatsa zomwezo, mwanangu," anayankha motsitsa, osayang'ana kumene kunaima amuna awo.

Kuchipatala dokotala anafunsa funso lomwelo, mwana wawo akumasulira. A Womasulira anangoyang'ana nsapato zawo. Anaulula tsiku lotsatira, atamva kuti impso zasiya kugwira ntchito. Mpongozi sanakalipe. Anangokhala pabenchi, n'kuphimba nkhope ndi manja. Kukanakhala bwino akanakalipa.

Masiku otsatira a Womasulira sankachoka pambali pa bedi. Anamwino ankabwera, kusintha mabotolo a madzi, kulankhula mawu awo ofewa, n'kumapita. Tsiku lina mwana atatuluka, namwino wina anawagwira mayiwo paphewa n'kunena kanthu. Mayiwo anatembenuzira maso kwa amuna awo, monga ankachitira zaka makumi anayi.

"Akuti chiyani, abambo?"

A Womasulira anaweramitsa mutu. Misozi inatsikira patayi.

"Sindikumva, amayi. Sindikumva kalikonse. Ngakhale tsiku lija kusitolo sindinamve."

"Ndinadziwa," anatero mayiwo. "Mukanama khutu lanu limafiira. Ndinangoti bambowa asachite manyazi kwa eni kuno."

Anamwalira m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi.

Mwana wawo, mtima uli chithupsa, anati akamuone wogulitsa nyama uja. Bambo ake anamutsatira, ali zyoli. Wogulitsayo anawakumbukira nthawi yomweyo. Atamva zimene zinachitika anavula chipewa, n'kulankhula nthawi yaitali. Ukali wa mwana uja unaphwa ali chiimire.

"Wati bwanji?" anafunsa a Womasulira.

Mwanayo anamasulira maso ali kukhoma. "Akuti anakuuzani kawiri kuti nyamayo ndi yaiwisi, utsi uja ndi wongokometsera, yofunika kuiphika mphindi makumi awiri. Akuti anaganiza zokujambulirani poto papepala, koma ataona mmene mumagwedezera mutu, anaopa kukunyozani, bambo aulemu wanu."

Anatuluka, wina patsogolo wina pambuyo.

Pobwerera kwawo a Womasulira anapatsidwa mpando wa pawindo. Wa pambali pawo panakhala munthu wachilendo. Akazi awo anali m'ndege yomweyo, pansi, kumene kumakhala masutikesi.

Matenda a m'zakudya alibe chisoni, ndipo sayang'ana kuti munthu anaphunzira mpaka pati. Kwa eni ukapita, chimene sukuchidziwa uchiphike chipse, ukadwala unene msanga, ndipo ngati sunamve unene kuti sunamve. Manyazi a mphindi imodzi pamzere sakanapha munthu. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula. Chowawa n'chakuti phula limeneli bambowa sanadye okha.