Suku Limodzi Lotsala

Chaka chimene mvula inanyanyala, anyani asanu ndi awiri anaswa mphako ya Gologolo n'kukokolola mtedza wonse umene ankasungira mwana wake. Mwanayo anafa ndi njala. Gologolo anamukwirira patsinde pa mkuyu, nalumbira kuti abwezera. Powazonda anyaniwo anatulukira chinthu chimodzi: chifukwa chosakhulupirirana, sadya kanthu mpaka milu ya onse itafanana.

Tsiku lina bambo Chimtengo anaunjika masuku pamkeka m'mphepete mwa munda, n'kupita kumudzi kukatenga njinga, agalu awo ali pambuyo. Gologolo anawerenga masukuwo. Analipo 422. Anaganiza pang'ono, nadya limodzi, n'kuthamanga kukaitana Gwedemu, mkulu wa anyani, ndi mng'ono wake.

"Akuluakulu, kuli phwando uku! Ine kamimba kanga n'kakang'ono."

Awiriwo anayamba kugawana. "Lako, langa, lako, langa." Pomaliza linatsala limodzi.

"Ndipatseni ine lotsalalo," anatero Gologolo. Mumtima ankaopa, poti akanampatsa, otsalawo akanagawika bwinobwino, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Iwe? Ngakhale nthangala sulawa!" anakalipa Gwedemu.

"Ndiye itanani wachitatu, mwina zikwana."

Anabwera wachitatu. Anasakaniza milu, nayambiranso. Linatsala limodzi. Gologolo anapempha, anamutukwana. Wachinayi, chimodzimodzi. Wachisanu, chimodzimodzi. Malovu anali chuchuchu, koma panalibe wolawa.

Atakwana asanu ndi mmodzi, nyani wina wokalamba anatola suku lotsalalo, nalozetsa kwa Gologolo. "Tingompatsa kanthu aka, dzuwa lapendeka."

Koma Gwedemu analanda sukulo. "Mbewa yamumtengoyi idye ife tisanadye? Itanani winayo!"

Wachisanu ndi chiwiri anafika. Anayala milu isanu ndi iwiri, uliwonse masuku makumi asanu ndi limodzi, ndipo pakati pa mkeka panakhala suku lija, lokhalokha. Gologolo anapemphanso, koma palibe anamumva. Wina anati Gwedemu akubisa masuku m'khwapa, khofi linalira, onse anagwirana pakhosi. Kulira kwa belu la njinga sanakumve.

Agalu anawagwera. Anyani asanu ndi mmodzi anathawa ali magazi okhaokha, koma Gwedemu agalu anamugwira mwendo asanafike pamtengo.

"Gologolo, mlongo wanga, tandithandiza!"

Gologolo anasuzumira panthambi. "Masuku 421 sagawika, achimwene. Mukanakhala khumi, mukanakhala zana, akanatsalabe. Akanafuna anyani 421, kapena nyani mmodzi wodziwa kupatsa. Ndakupemphani kasanu. Mwana wanga anapempha kangati?"

Kuphiri kwawo Gwedemu sanabwerereko.

Bambo Chimtengo atalongedza katundu wawo n'kuchoka, Gologolo anatsika, napeza suku lija litagubudukira muudzu. Njala inali itamupweteka, koma sanalidye. Analinyamula mpaka patsinde pa mkuyu, naliika pamanda.

"Idya, mwanawe," anatero. "Ili palibe woti ugawane naye."