Tikiti Yoimirira ya a Goliati

A Elson Goliati a ku Nsipe anali khukhi pa hotela ina ku Halale, ndipo Chizungu cha kukhitchini chinkawaledzeretsa kuposa kachasu. Powapatsa tchuthi, bwana wawo sanapsatire mawu: akapanda kuoneka Lolemba lomaliza la mwezi, ntchito ipita kwa wina.

Sitima yoti iwafikitse nthawi yabwino inkanyamuka ku Balaka Lachitatu. Koma Loweruka kunali ngoma pamudzi, ndipo a Goliati sakanalola kuti fumbi likwere chishango chawo chili padenga. Anatsikira ku Kabula, nabwerako akuyenda monyang'wa, tikiti ya ndege yotsika mtengo ili m'thumba.

"Yatchipa bwanji chonchi, bambo a Salome?" anafunsa akazi awo, a Dailes.

"Kalaliki wati ndi ya sitandibayi. Sitandi ndiye kuimirira, mayi. Azungu akhale pamipando, ine ndiimirira monga m'basi."

"Koma munafunsitsa?"

"Chizungu ndichite kufunsa ine?"

Sitima inapita. Ngoma anavinadi, dziko n'kunjenjemera, amayi akuwapukuta thukuta ndi mipango. Lamulungu anakwera lole ya kachewere mpaka ku Chileka.

Kumeneko apaulendo anaitanidwa mayina mmodzimmodzi, ndipo onse anavomera. A Goliati anangonyamula sutikesi kulondola anzawo, koma kalaliki anawatchingira njira.

"Yadzaza, bambo. Tikiti yanuyi ndi yodikirira. Mumakwera pokhapokha wina akalephera kubwera, n'chifukwa chake imatchipa."

"Iyayi mwanawe, mpando sindikuufuna. Ine ndi woimirira. Ngakhale pakhomo pomwepo ndikwana."

"Mumlengalenga saimirira, bambo. Kuimirira kwake n'komwe mukuchitaku."

Anaimiriradi bambo aja, sutikesi ili kumanja, kuipenya ndege ikuchepa mpaka kusanduka kadontho. Ndege ina inali ya pakati pa sabata, Lolemba litadutsa kale, ndipo nayonso inanyamuka yodzaza. Ntchito ya zaka zambiri inathera pamenepo.

Anabwerera ku Nsipe atakhala pamwamba pa matumba pa lole, suti ili mbuu ndi fumbi. Mudzi wonse unaseka mpaka kugwira nthiti, koma a Dailes sanaseke, poti mphika wogwawo unali wawo womwe. Anawalandira sutikesi mwaulemu, m'mawa mwake nawatsamiritsira khasu pakhomo.

"Kumunda malo alipo, bambo a Salome. Ndiponso n'koimirira."

A Goliati analinyamula n'kulowera kumunda. Anataya sitima imene inali yawo pothamangira mpando wa eni. Akulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.