Chiphapha cha Bambo a Mwandida

Ku Ntcheu, kumtunda kwa msika, kunkakhala bambo wina amene anali ndi chigayo. Anthu ankangowatchula kuti bambo a Mwandida, potengera dzina la mwana wawo woyamba. Bambowa ankakonda magalimoto kuposa nyama. Galimoto ikamadutsa pamsewu, iwo ali m'chigayo ufa uli mbuu kumutu, ankatha kukuuzani mtundu wake asanaione. Loweruka masana ankapita kotsukira magalimoto, kumene ankakumana ndi anzawo a mtima womwewo. Kumeneko nkhani inali imodzi basi: injini iti imakoka pachitunda, matayala ati amapirira msewu wafumbi, ndani waitanitsa yatsopano kuchokera kunja.

Koma galimoto yawo inali yochititsa manyazi pagulupo. Inali pikapu yakalekale yobiriwira, imene anaigula Mwandida akukwawa. Chitseko chake china chinkatsegukira kunja kokha. Ekizozi inali yowotchererawotcherera, ndipo ikamakwera chitunda cha kwawo inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe.

"Achimwene, chiphaphachi tidzakuikani nacho m'manda?" ankatero a Chikaonda, mnzawo wogulitsa magalimoto.

Bambo aja ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawa.

Kunyumba kunali china chowawa koposa. Akazi awo, a Nangondo, anagwidwa ndi matenda oiwala. Zinayamba pang'onopang'ono: kuthira mchere kawiri m'ndiwo, dzina la mdzukulu kusowa pakamwa. Kenaka anayamba kuiwala nkhope za anthu. Mwandida anabwerera pakhomo kudzawasamalira, koma masiku ena mayiwo ankamufunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe mwana wa yani?" Ngakhale amuna awo enieniwo, m'mawa ankawayang'ana ngati mlendo wodutsa.

Madzulo okha ndiwo anali osiyana. Bambo akamafika kuchokera kuchigayo, ankawapeza mayi ataima pageti akumwetulira, n'kuwatchula bwinobwino. Iwo ankangoti mwina mutu wa mayi umayera dzuwa likapendeka. Sanaganizirepo zambiri.

Tsiku lina a Chikaonda analandira galimoto yatsopano, yoyera ngati thonje, ya mipando yofewa, magalasi otsika okha ukangodina. Injini yake ukailiza, unkachita kutchera khutu kuti udziwe ngati yaliradi. Anawaponyera makiyi bambo aja nati, "Tayendetsani mumve nokha."

Anaiyendetsa kulowera njira ya ku Balaka. Galimoto inkangoyandama ngati bwato pamadzi odekha. Bambowo anamva ngati unyamata wawabwerera. Ndipo musawaweruze msanga, pakuti anaganiziranso akazi awo. Anati mumtima, "Mayi popita kuchipatala sadzagwedezekanso m'mabampu." Pobwerera anagwirizana ndi a Chikaonda. Anasiya pikapu ija, anaonjezerapo ndalama zimene anasunga kwa zaka zambiri, natenga yatsopano. Anzawo onse anawaombera m'manja.

Madzulo amenewo galimoto yoyera ija inakwera chitunda mwakachetechete. Pageti panalibe munthu. Mayi anali atakhala pamkeka pakhonde, maso ali kumsewu. Bambo anatsika chimwemwe chili tayale.

"Mayi, taonani chimene ndakubweretserani."

A Nangondo anaweramitsa mutu mwaulemu. "Takulandirani, bambo. Eni khomo sanabwere. Khalani pampandopo, afika posachedwa."

"Ndine ndafika, a Nangondo. Mwamuna wanu."

"Ayi, bambo, musandiseke. Amuna anga ndimawamva akadali kumsika."

Chakudya chitabwera anachikankhira pambali. Anati adya amuna awo akafika. Dzuwa linalowa iwo akadali pamkeka paja, mpaka Mwandida anachita kuwanyengerera kuti alowe m'nyumba. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Mkuja wake anayamba kulira mwakachetechete, akufunsa aliyense wodutsa ngati wamva za ngozi pamsewu. Kenaka anagwira mkono wa amuna awo omwewo, nawafunsa ngati mmene munthu amafunsira mlendo wachifundo: "Bambo, inu mumayendayenda. Mukawaona mukawafunse, kodi ndawalakwira chiyani?"



Mwandida anaitanira bambo ake kuseri kwa nyumba. Anati, "Ababa, inu simunazionepo, chifukwa nthawi zonse mumakhala muli m'galimoto. Ine ndimaziona. Amayi akangomva pikapu ija ikutsokomola pachitunda, nkhope yawo imasintha. Amadzuka, amakonza mpango, amandiuza kuti, 'Abwera, tereka madzi.' Nkhope yanu inawathawa. Kulira kwa galimoto ija ndiko kunatsala."

Bambowo anakalowa m'galimoto yatsopano ija, nakhala manja ali pachiwongolero. Munkanunkhira bwino. Chiyambire ali mnyamata wothamangira malole pamsewu, ankalota galimoto yotere. Anaganiza za Loweruka, za anzawo, za mmene adzasekere. Atadzutsa mutu anaona akazi awo pamkeka paja, ataonda, khosi atalisolola kuloza kumsewu, akudikira munthu amene anali pabwalo pomwepo.

Kutacha anapita kwa a Chikaonda nawatambasulira makiyi.

"Mwayamba kudwala, achimwene?"

"Odwala ali kunyumba. Ndibwezereni chiphapha changa."

A Chikaonda anakanda m'mutu. Anati malonda akatha amakhala atha, ndipo si zonse zimene angathe kubweza. Anatinso pikapu ija anaipereka kale kwa makaniko kuti aiphwasule agulitse zitsulo. Pamenepo bambo aja anawafotokozera zonse. A Chikaonda, munthu wa pakamwa posatseka, anavula jekete nati, "Tiyeni tithamange, asanaikhudze injini."

Anaipeza kugalaja itakhalira miyala, matayala atachotsedwa, batire kulibe, nkhuku itakwera pampando. Koma injini inali isanakhudzidwe. A Chikaonda anagwada okha m'fumbi kuthandiza kumanga matayala. Makaniko, pofuna kuwakomera mtima, anati, "Bwana, ekizoziyi ndiiwotcherere bwino kuti isamasokose?"

"Ayi! Imeneyo ndiye musaikhudze," anatero bambo aja.

Anaikankha. Inakana. Anaikankhanso, ndipo inatsokomola, niponya utsi wakuda, nilira kulira kwake kwakale.

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika patsinde pa chitunda. Anaika giya yoyamba nayamba kukwera pang'onopang'ono. Ankaopa chinthu chimodzi: bwanji ngati m'masiku amenewa mayi aiwalanso ndi kulira komweku? Anadutsa mtengo wa mango, anakhota, ndipo anawaona. A Nangondo anali ataima pageti, mpango uli bwinobwino kumutu, dzanja limodzi atagwira Mwandida.

"Bambo a Mwandida! Munali kuti masiku onsewa?"

"Ndinasochera pang'ono, mayi. Ndabwera."

Mayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwaonda. Lowani, madzi ali pamoto."

Tsiku limenelo a Nangondo anadya mpaka kupempha zoonjezera.

Kotsukira magalimoto kuja ena anasekadi, koma bambowo sizinkawawawanso. Ndipo anayamba chizolowezi chatsopano. Tsiku loti chigayo sichikugwira ntchito, kapena akaona kuti mayi asokonezeka ndipo mantha awagwira, ankatuluka mwakachetechete, n'kutsetsereka ndi pikapu ija mpaka kumsika. Kumeneko sankagula kanthu. Ankangotembenuka n'kukweranso chitunda, kuti afike. Masiku ena ankafika kawiri. Anatero mpaka mvula ya chaka chotsatira, pamene Mulungu anawaitana a Nangondo. Anapita ali ndi mtendere, akudziwa kuti amuna awo sanawataye.

Abale ndi alongo, odwala matenda oiwala aja ndife. Anatilenga ndi Mulungu, amatidyetsa ndi Mulungu, amakhala nafe pabwalo pomwepo, koma ife timamuyang'ana ngati mlendo. Tikavutika timafunsa odutsa kuti kodi watitayiranji, pamene Iye watigwira dzanja.

Akanafuna, akanabwera kwa ife mu ulemerero wake wonse, wonyezimira, wopanda banga. Koma anadziwa kuti sitikanamuzindikira. N'chifukwa chake anausiya ulemererowo, navala thupi ngati lathuli, thupi lotopa, lomva njala, lokhetsa misozi. Anthu anamuseka, ndipo Iye analola kusekedwa, kuti ife tikamva mawu ake tidzuke tinene kuti, "Abwera." Ndipo sanabwere kamodzi kokha. Tikaiwala lero amabweranso, tikaiwala mawa amabweranso, osatopa, osatiwerengera.

Tsono inunso, pakhomo panu pali wina amene sangathe kukwera kufika pamene inu muli: kholo lokalamba, mwana wovuta, mnzanu wofooka m'chikhulupiriro. Musamudikire kuti akuzindikireni mu zonyezimira zanu. Tsikani, mupite kwa iye m'njira imene iye angakudziwireni, ngakhale ikhale yokuchepetsani pamaso pa anthu. Umo ndi mmene Ambuye anatikondera ife.