Mvuu ndi Mtedza wa Kutsidya kwa Nyanja

Kalekale, inu ana, ndi inu akuluakulu mukunamizira kuwodzera uko, kunali msika pansi pa mtengo wa mkuyu. Unali msika wa amphawi. Njuchi ankagulitsa uchi m'zikho. Nungu anali telala, poti singano ankayenda nazo kumsana. Gologolo, mayi wa ana asanu, ankakazinga mtedza wothira mchere.

M'dera lomwelo munali mpondamatiki, dzina lake Mvuu. Mimba ngati nkhokwe, khosi losadziwika poyambira. Tsiku la msika sankajomba, koma kugula ayi.

"Ndilaweko," ankatero.

Kukamwa yasa! Lichero la mtedza khuthu! Kukutu, kukutu, kukutu. Akatha, nkhope tsinya.

"Asa! Zakumudzi. Zikununkha utsi. Ine ndimadya zochokera kutsidya kwa nyanja."

Kwa Njuchi, "Ndilaweko." Chikho mbee! "Asa! Zakumudzi." Kwa Nungu, kuyesa jekete, jekete n'kuphulika kumsana. "Asa! Ulusi wakumudzi."

Ndalama zake zonse ankakazitaya kutauni. Msika unayamba kufa. Njuchi anati asamuka. Nungu anati bola azikagwira ganyu m'minda ya eni.

"Taimani, anzanga," anatero Gologolo, ana ake atagona ndi njala kawiri. "Chitsiru sichigula chinthu, chimagula dzina. Tiyeni tichigulitse dzina. A Nungu, ndisokereni kasuti, musokenso jekete lalikulu. A Njuchi, bweretsani uchi wonse watsala."

Tsiku la msika lotsatira, pamphambano panaima mlendo. Suti yakuda, chipewa chofika m'maso, mchira ataupinda m'buluku, nkhope mbuu ndi phulusa. Anali Gologolo yemweyo. Patsogolo pake panali mtedza wokulunga m'mapepala onyezimira, uchi wam'mabotolo, ndi jekete lija.

Mvuu anatulukira, wefuwefu. "Ndilaweko."

"Nyo, nyo, nyo!" anakana mlendo, akulankhulira m'mphuno. "Kwathu kutsidya kulibe zolawa. Kulawa n'kwa amphawi. Kapena bwana ndinu mmphawi?"

"Ine? Mmphawi?" Mvuu anafufuma ngati chule. "Tchulani mtengo!"

Gologolo anatchula mtengo wogulira ng'ombe. Mvuu sananenerere n'komwe. Anakhuthula chikwama chonse, n'kuwonjezapo ngolo ya chimanga, kuti mlendo akasimbe kwawo.

M'mawa mwake anaitana nyama zonse kuti zidzaone mmene olemera amadyera. Anavala jekete lija, n'kukhala pampando, mimba patsogolo. Gologolo anali atasamba bwinobwino, wakhala phee pakati pa Njuchi ndi Nungu.

"Iwe Gologolo," anatero Mvuu, "talawa mtedza weniweni, uphunzire."

Gologolo anatafuna njere imodzi. "Eee, bwana, koma ndiye ukukoma. Wokazinga wakeyo ndi katswiri."

"Mwamva? Palibe utsi! Nawe Nungu, taona msoko uwu. Ungasoke chonchi iwe?"

"Ndingayesereko, bwana," anayankha Nungu, minga ikunjenjemera pobisa phwete.

Apo mkazi wa Mvuu, amene ankagula pamsika paja mozemba mwamuna wake, anatola njere n'kuinunkhiza.

"Bambo, mtedza uwu ndi wa mayi Gologolo. Ndimagula sabata iliyonse."

"Khala chete, iwe! Ukudziwa chiyani za kutsidya?"

Mayiyo sanakhale chete. Anatembenuza kolala ya jekete, n'kusolola kanthu kosongoka. "Nanga kutsidyako amasokera minga ya a Nungu? Onani, anaiwala umodzi mumsoko."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Nyani anagubuduzika m'fumbi, Nkhanga anaseka mpaka mawu anasasa.

"Akuba inu!" anakuwa Mvuu. "Ndibwezereni zanga!"

"Ife tibweze chiyani, bwana?" anatero Gologolo mwaulemu. "Zakumudzi inu simugula. Munagula kwa mlendo. Wabwerera kwawo kutsidya. Sambirani, mwina mum'peza."

Mvuu anayang'ana uku, mano okhaokha. Anayang'ana uko, mano okhaokha. Anathamangira kumtsinje, jekete lili pathupi, chubwi! Mpaka lero ali momwemo, amangotulutsa maso ndi timakutu, kumvetsera ngati kumtunda asiya kuseka. Sanasiye.

Amalonda aja anagawana chimanga, n'kufolera msika wawo ndi malata. Ana a Gologolo ananenepa mpaka michira inachita nthenga.

Nthano yanga yaduka mchira pamenepa, amene ali pafupi ndi moto afukule mbatata. Koma inu amene mumalambalala tomato wa neba wanu n'kukwera minibasi kukagula wam'pulasitiki kutauni, dziwani kuti tomatoyo anakwera minibasi yomweyo dzulo, kuchokera m'dimba la neba wanu yemweyo.